Bambo a Chifundo Adayamba Ndiwo Kupereka Mkono

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Area 23 tonse tadzuka bwino.

Paja amayi atamwalira ndi matenda a mtima, adokotala adandiuza kuti ndikayezetse mafuta a m'magazi, ndipo ndipite m'mawa ndisanadye kanthu. Kawiri konse ndidamwa tiyi dala kuti akandibweze, poopa kumva zotsatira. Bambo a Chifundo adazindikira. Lachiwiri lapitali sadalole kuti mbaula iyatsidwe. Adati, "Mayi a Chifundo, lero njala ndi ya tonse awiri. Tiyeni."

Mukudziwa mmene bambowa amaopera jakisoni. Koma kuchipatala adayamba ndiwo kupereka mkono, maso ali kudenga, thukuta lili kamukamu. Ine ndikadakananso bwanji?

Zotsatira zatuluka dzulo. Mafuta anga akwera pang'ono, koma awo ndiye ochuluka, kuwonda konse kuja! Sadadandaule. Nyama ya pachiwaya aisiya pomwepo, ndipo akuti kumsika tizipita wapansi.

Chonde achemwali, amayi aja adatibereka tonse. Nanunso kayezetseni, ndipo tiyi mukamwe pobwerera.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Mayi a Chifundo