Kabokosi ka Mfuti ya Bambo

Iskandariya,
Mwezi wozizira wa Tuba.

Okondedwa Amayi,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Kodi mukudzuka bwanji ndi kuzizira kumeneku? Maondo aja akukulolani kufika kumunda? Nanga njati yathu yoweta ija idabereka? Ine kuno moyo ulipo, kungoti denga la chipinda changa likudontha ndi mvula ya kunyanja, ndipo chifuwa chakana kundisiya.

Sabah mlongo wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi kalatayi. Werenga yonse monga ndalembera. Usadumphe powawa monga umachitira muja.

Amayi, mng'ono wanga Dahi adandipeza kuno sabata yatha. Adati wabwera kudzafuna ntchito ya zomangamanga, ine n'kukondwa ngati chitsiru. Ndidagula nsomba ndi mpunga, koma iye adangotola pang'ono. Nthawi yonse ankangondiseka kuti manja anga afewa ngati a mkwatibwi, akuti ndikadzabwera kumudzi mudzandipaka hina wokongoletsa manja m'malo mondipatsa khasu. Kenaka adayamba kufunsa za kusitolo, mafunso osatha.

Ntchito yanga mukuidziwa, ija mumaitcha yopukuta zitsulo zakufa. A Haji Bayumi, mwini sitolo, amagulitsa zinthu zakale za asilikali: zipewa zachitsulo, malamba, mipeni ya kumfuti, ndi timabokosi topanda kanthu tomwe kale tinkanyamula zipolopolo pansi pa mfuti. Ogula ake ndi anthu olemera amene amangosonkhanitsa zinthuzi n'kumazipachika pakhoma. Pali dokotala wina, a Nabil, munthu woti nkhuku sadapheko chibadwire. Amatenga kabokosi, kukanunkhiza, kuwerenga manambala ake ndi galasi, n'kumakangana ndi anzawo mpaka tiyi kuzizira kuti kadapangidwa chaka chiti. Kwa iwo mfuti ndi chokongoletsera chabe, ndipo nthawi zina ndimawasirira.

Lachinayi a Haji adandituma kukasiya katundu kwa dokotalayo. Pobwerera ndidapeza Dahi palibe, kachikwama kake palibe, ngakhale kutsanzika. A Haji ankangomwetulira. Akuti m'bale wako ndiye ali ndi maso, osati iwe wongodziwa sanza ndi mafuta. Akuti mnyamatayo wati ali ndi bwana wake kumwera amene amasonkhanitsa zakale, ndipo pa timabokosi tonse tili m'kabati wasankha kamodzi kosowa kaja, ka mfuti ya mtundu wa Hakim. Ndidangokhala pansi pomwepo.

Amayi, tisabisane. Kwathu kumwerako kulibe bwana aliyense. Hakim ndi mfuti ya malemu Bambo, ija mudaikulunga m'chiguduli n'kuikwirira pansi pa chodyera cha njati. Kabokosi kake Bambo adakataya okha m'ngalande chaka chomwe Dahi adabadwa, ndipo ine ndidali pomwepo nditagwira bulu. Adati tsopano ali ndi ana aamuna awiri, safuna kuti mmodzi adzakapeze. Ndalama ya sitima yomwe Dahi adakwerera nayo ndikudziwanso kumene idachokera, chifukwa Dahi alibe ndolo zoti angagulitse, wa ndolo ndinu.

Sindikunyozani. Ndidaona ndi maso anga tsiku lomwe a kwa Haridi adawombera Bambo chifukwa cha madzi othirira, inu n'kudzola matope kumutu. Mudakana kuti anthu adzatipepese mpaka magazi atabwezedwa, ndipo zaka zonsezi pakhomo pathu palibe amene adakhuzapo maliro. Mudayang'ana kwa ine kuti ndibwezere, ine n'kukwera sitima. Mumati mudabala mwana wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri. Mawuwo amandipeza kuno, ndipo amawawa.

Koma imvani ichi. Kabokosi kameneko ndidakapukuta ndine. Kunja kakunyezimira ngati thireyi ya ukwati, koma m'kati sipuling'i yake idafa kalekale ndi dzimbiri. A Haji sasamala zimenezo, pakuti makasitomala awo amagula ndi maso. A Hajiwo ndidawauza zonse. Adasiya kuseka, amvekere, mwanawe, ine ndimagulitsa zopachika pakhoma, ndani adati munthu apite nazo kumunda wa nzimbe? Mfutiyo ikalira kamodzi idzakhala chete. Ana a kwa Haridi ndi ambiri, ndipo zawo si zofukula m'khola. Dahi adzatsala ataima pakati pa msewu ndi mtengo m'manja.

Ndikukudziwani, Amayi. Pofika apa mwamuuza kale Sabah kuti andiyankhe kuti nditumize kena kabwino. Sinditumiza. Ngakhale mutanditemberera pa manda a Bambo, sinditumiza.

Pali china chomwe ndakhala ndikuchisunga. Radwan, mwana wa amene adawombera uja, ali konkuno, amanyamula matumba kudoko. Bambo ake adafera kundende, mukudziwa. Adandidikira pakhomo pa mzikiti Lachisanu lina mwezi watha. Nditamuona magazi adandikwera kumutu, ndiye musamaganize kuti mwana wanu alibe mtima. Koma adandigwira mkono, wowonda, ndevu zisadamere bwino. Adati, achimwene, ine nthawi imeneyo ndinkaweta mbuzi, sindidziwa n'komwe kuti madziwo adali a yani. Adati watopa kugona atayang'ana chitseko. Akuti adagula kale sanda, nsalu yake yomwe ya maliro, ndipo ali wokonzeka kuinyamula m'manja, wopanda nsapato, mutu uli pamtunda, kudutsa pamaso pa mudzi wonse mpaka pakhomo pathu, kuti tichite naye chomwe tikufuna. Akuluakulu a kwawo adavomera. Amalume a Shehata nawonso akudziwa, koma akuopa pakamwa panu.

Munthu akabweretsa sanda yake palibe amene amati banja lolandira lachita mantha. A kwa Tammam a m'mudzi mwathu adalandira sanda chaka chija, ndipo mpaka lero amayenda mitu ili m'mwamba.

Pempho langa ndi limodzi. Musafukule mfuti ija. Dahi sangakumbe pansi pa chodyera inu mutakhalapo, ndipo sangatuluke pakhomo inu mutamugwira mkanjo. Samvera ine, samvera amalume, amamvera inu nokha. Mugwireni mpaka ndifike. Ndikudziwa kuti akuthamangira nzimbe zisanadulidwe kuti apeze pobisala, choncho ndapempha tchuthi ndipo ndikwera sitima Loweruka. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwano wonse wa m'mudzi mudzaunjike pa ine, ndidauzolowera. Ndidzaima ndine pakhomo kulandira Radwan, kenaka tidzamange tenti, anthu adzakhuze maliro a Bambo, inunso mudzalire poyera ngati akazi anzanu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Shehata ndi akazi awo, kwa azakhali a Nagiya, kwa alamu anga ndi ana onse. Iwe Sabah, zikomo ngati wafika mpaka pano osadumpha. Dahi musamuonetse kalatayi. Mungomuuza kuti mpango wake adauiwala pa msomali, ndikubweretsera.

Amayi, nsalu yoyera ilowa pakhomo pathu nzimbe zisanathe, zimenezo sindingaziletse. Chomwe chatsala ndi choti musankhe inu: ilowe ili m'manja mwa mwana wa a Haridi, kapena ndikaigule ine, kutalika kwake kwa Dahi.

Ndine mwana wanu woyamba, ngakhale simundiwerengera,

Khalaf