Golosale ya pa Zalewa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chifunga tilipo, ndipo amayi ku Midzemba mwendo uja wayamba kupola.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mawu sakanatuluka. Golosale yakale ya pa Zalewa ija, imene munati tigule, tiigwetse n'kumangapo mashopu a lendi, ndinaigula. Bambo amene ankagulitsamo anandisainira pepala, ine osafunsanso munthu wina.

Loweruka tikusasula malata, kunabwera mayi wina ndi alongo ake. Sanakalipe ayi. Mayiyo anangoti, "Kodi bambo, nyumba anandisiyira amayi angayi mukuigumula, wakulolani ndani?" Achimwene, wondigulitsa uja ndi mwamuna wake, mkamwini chabe, ndipo akuti anathawira ku Tete ndi ndalama zathu zija. Malata ndinawakhomanso ndekha, anthu a pamsika akuonerera.

Wolakwa ndine. Ndakhala pachikamwini zaka zonsezi, ndikudziwa bwino kuti ngakhale mtengo wa mango wa pakhomo panga sindingaugulitse. Koma sindinafunse kuti malowo ndi a ndani, ndinkangothamangira kuti mundiyamikire.

Chonde amayi musawauze kaye. Mpaka lero akuuzabe anzawo kutchalitchi kuti ana awo akumanga mashopu.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Fatsani