Zimene Ndinabisira Adokotala

Lisasadzi,
Kasungu.
19 Meyi 2024.

Okondedwa achimwene a Yakobe,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Faustina ku Nchalo kumeneko. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mawu amandithawa, ndimangokamba za mvula mpaka mayunitsi kutha.

Kuno fodya tamaliza kusankha. Masana ano kuli zii, utsi wa m'minda wagona pamwamba pa dambo, ndipo mapiri akuoneka patali ngati sakugunda pansi. Ndakhala pakhonde, mwana wanga Chancy wagona pamkeka pafupi nane. Ndinakuuzani kuti anadwala malungo. Achimwene, sanali malungo.

Zinayamba mu Malichi tikusoka fodya. Tsiku lina ndinamupeza ataima m'chigafa, nkhope italoza kumwamba, akumwetulira masamba olendewera aja. Anati masambawo akuyimba ngati amayi a Mvano, ndipo akutchula dzina lake. Ndinaseka. Patapita sabata anasiya kudya, akuti mawu aja amuuza kuti anthu akumuthirira mankhwala. Kenaka m'mawa wina anayenda pakati pa munda atakwinya thalauza mpaka m'mawondo, akuponda pang'onopang'ono ngati akuoloka mtsinje. Anandichenjeza kuti ndisayandikire, ndingamire. Dzuwa linali phwee, nthaka youma gwa, koma mmene ankayendera, inenso ndinatsala pang'ono kuwaona madziwo.

Mnzake Misheck, amene amalima naye, ndiye anandithandiza kupita naye kuchipatala ku Boma. Kumeneko Misheck anaulula akulira kuti akhala akusuta chamba limodzi kuyambira ali Fomu 2, tsiku ndi tsiku. Anafunsa adokotala chifukwa chake iyeyo ali bwinobwino pomwe ndudu inali imodzi. Adokotalawo, mayi wofatsa ndithu, anati anthu sitibadwa chimodzimodzi. Ena amatengera kumtundu mutu wosachedwa kusokonezeka, ndipo chamba, makamaka ukachiyamba uli wamng'ono n'kumasuta kwambiri, chimatha kudzutsa chimene mwina chikanagona moyo wonse. Anamuuzanso Misheck kuti asadzione ngati wapulumuka, pakuti palibe amadziwa zimene wanyamula m'magazi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mayi, kumtundu kwanu alipo amene anadwalapo chonchi?"

Ndinayankha kuti palibe.

Chancy atamugoneka m'chipatalamo, ndinatuluka, ndinakwera kabaza kupita kudepoti. Njinga ikuyenda, mphepo ikundiwomba, ndinawaona bambo athu a Esau ngati aima m'mbali mwa msewu, atavala malaya awo a khaki aja. Inu munali kusukulu yogonera komweko chaka chimene anadwala, ndipo amayi anakuuzani kuti anawalodza chifukwa cha malire a munda. Ine ndinalipo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinkawaona akusuta kuseri kwa chulu madzulo alionse, fungo lake losiyana ndi la fodya wathu. Ndinawaona akucheza ndi mitambo, akuipatsa malonje. Atayamba kuthawira kutchire, amalume a Kalekeni anawamangirira pamtengo wa mango, ndipo amene ankawapatsira madzi ndi ine. Ankandithokoza mwaulemu ngati mlendo. Amayi anandilumbiritsa kuti ndisadzanene, poopa kuti ine sindidzakwatiwa, inunso simudzapeza mbeta. Ndasunga lumbirolo zaka makumi atatu ndi zinayi.

Ndinamuuza wakabaza kuti abwerere kuchipatala. Adokotala sanandikalipire. Analemba zimene ndinanenazo, nati si temberero, ndipo si mwana aliyense wa mtundu wathu amene adzadwale, koma ana athu chamba asachiyandikire n'komwe.

Pali china chimene chikundidya mumtima. Fungo lija ndinalimva kalekale m'malaya a Chancy pochapa. Ndinalizindikira tsiku loyamba lomwe. Koma mwanayo ankalima ngati anthu awiri, sankatukwana, sankamwa mowa, ndiye ndinkangothira sopo wambiri n'kukhala chete. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kulitchula dzina tsoka, silidzadziwa njira ya kwathu.

Pano akumwa mankhwala, ndipo mwezi uliwonse timapita kukaonana ndi adokotala. Amagona kwambiri, amayankhula mochedwa ngati munthu wongodzuka kumene. Koma dzana anakonza tcheni cha njinga yekha, ndipo Lamulungu anakhala m'tchalitchi mpaka mapeto. Adokotala akuti akapitiriza mankhwala n'kusiyiratu kusuta, akhoza kudzakhala bwino ndithu. Misheck naye akuti wasiya. Amabwera masana, awiriwo amakhala pansi pa mthethe kumayang'ana ng'ombe zikudutsa.

Tsopano pempho langa. Mwana wanu Yankho atabwera kuno patchuthi chaka chatha, ndinkamuona akutsatira Chancy kuseri kwa chigafa, ndipo pobwera maso ali psuu. Apanso ndinakhala chete. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo a Esau ndi agogo akenso. Musamumenye, achimwene. Khalani naye pansi, mumuuze za bambo monga ndakuuzirani inu. Ngati mwandikwiyira chifukwa chokubisirani, ndikwiyireni, ndikuyenera. Koma yambani mwacheza ndi mwanayo.

Mundiperekere moni kwa alamu. Auzeni kuti mtedza wawo ndawasungira. Azakhali a Lusiya akupereka moni, miyendo ikuwavutabe. Chancy wadzuka ndikulemba ndime ino, ndipo ndamuwerengera kalata yonse, za agogo ake zomwe. Wamvetsera mpaka kumapeto. Akuti moni kwa amalume. Kwa Yankho akuti mumuuze mawu awa osasintha: "Zija ndinakuuza kuti sizipweteka, ndinakunamiza, mphwanga."

Ndine mlongo wanu,
Elube.