Gitala Yokha, Woimba Palibe

Lolemba, 4 Juni 1962

A Pruitt, eni holo ya kugombe, atimvera lero. Ine gitala, achimwene Merle ng'oma, basi. Titamaliza anayang'ana kukhomo ngati pali wina wachedwa. "Nanga woimba wanu ali kuti?" Ndati, "Ndi uyu ndamupachika m'khosiyu, bwana." Sanaseke n'komwe. Akuti tiyese Loweruka masana, ndipo anthu akapanda kuvina tisadzapondenso pamenepo. Ine holo imeneyo ndikuifuna, zivute zitani.

Lachiwiri, 5 Juni

Zala zatuluka matuza. Ndilibe nazo ntchito.

Lachitatu, 6 Juni

Kabokosi kanga kosinthira mawu a gitala kafika! M'kati muli timasipuling'i, mawu a gitala akadutsamo amatuluka onyowa, ngati ukuimbira m'chitsime. Ndinakanda nsambo yaikulu mwaliwiro, kutsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi, amayi kukhitchini chiwaya gwa! "Iwe Lorna, nyanja yalowa m'nyumba kodi?" Chimwemwe chake mpaka ndaiwala kudya.

Lachisanu, 8 Juni

Achimwene agwidwa mantha, akuti mwina aziimbako iwo. Ayesera m'galaja, galu wa aneba n'kuwalandiza. Ndati, "Achimwene, Mulungu anakupatsani manja, zapakhosizi zisiyeni." Andigenda ndi ndodo ya ng'oma, aphonya.

Loweruka, 9 Juni

Holo inadzaza ndi osewera pamafunde, matabwa awo otsetserekera pamafundewo atawatsamiritsa panja, tsitsi lili chinyowere, mchenga mpaka m'makutu. Nyimbo yoyamba anangoima tong'o, kudikira mawu. A Pruitt manja ali m'thumba.

Nyimbo yachiwiri, chimnyamata china chopsa mphuno ndi dzuwa chinayamba kuponda pansi, di! di! Anthu amenewa kuvina kwawo n'komweko, kuponda ndi nkhwaira zamatayala. Ena n'kutsatira. Tsono ine mwa kupusa kwanga ndinali nditaika kabokosi pansi, pamatabwa omwe ankapondawo. Pansi pakagwedezeka masipuling'i amawombana, ndiye chimkuzamawu chinangoti phwaaa ngati bingu, pakati pa nyimbo! Ndinati basi, tapita. Ndikuwerama kuti ndikanyamule, mtsikana wina kutsogolo anakuwa, "Kasiye pomwepo, iwe! Kapangenso!"

Anayamba kupondera dala limodzi kuti kabangule. Kakati phwaaa, iwo mfuu. Achimwene anayamba kuwasiyira mpata pa ng'oma, ine n'kumawayankha ndi gitala. Fumbi kugwa kudenga. Ndinkaseka misozi ili mbwembwembwe, nsambo osazionanso.

Anthu atatuluka a Pruitt anabwera nkhope ili gwa, thabwa lothyoka la pansi pa holo lili m'manja. "Taona izi, mwana iwe." Analitembenuzatembenuza, kenako n'kuwapatsira achimwene.

A Pruitt anati, "Loweruka linalo mufike m'mawa ndi hamala. Tikhomeretu pansi ponsepa anzanuwo asanatuluke m'madzi."