Chisekese cha Nabanda

Loweruka, Novembala. Tsiku lolemera.

Mkazi wanga Nabanda asanagwe m'matenda omwe anamutenga, tinaimba pa ukwati ku Wimbe, ine gitala, iye chisekese. Eni ukwati anatilipira kuponi imodzi ya feteleza. Nditadandaula, Nabanda anaseka: "Bambo a Tadala, simunaone momwe apongozi amavinira? Malipiro ndi amenewo."

Lero ndaimbanso pa ukwati ku Chisemphere. Anthu avina, andifupa, koma mumtima mwanga muli zii. Ndikufuna kusiya kuimba, koma chaka chino dzina langa silinatuluke pa makuponi, ndipo fodya wakula pa nazale, akufunika feteleza wogula.

Zovala za Nabanda ndinapereka kwa achemwali ake. Chisekese ndachiika m'thumba la gitala. Panjinga chimalira chokha njira yonse.