Makwerero Anga, Mantha a Achimwene

Lolemba, 3 Malichi

Achimwene adya mazira awiri ndi buledi. Zophika ine, iwo akuona. Za mkazi wawo sakhudza, ati muli poizoni. Mwezi wachitatu uno. Lamba aboolanso bowo lina. Kugalaja anasiya kupita.

Ine m'mawa kusoka, masana kuthamanga kukawaphikira, madzulo kuthamanganso. Madiresi anayi a ukwati akundidikira pa makina. Nanga tsiku limene ndidzadwale, adzadya chiyani? Ndikuopa.

Lachinayi, 6 Malichi

Nzeru yandibwerera m'minibasi. Chaka chatha, nditachita ngozi ya pamsewu, minibasi ndinkaiona ngati bokosi la maliro. Mlangizi wa kuchipatala anandilembera makwerero: poyamba kungoima pasiteji, kenako kukhala m'minibasi yoima, kenako kukwera siteji imodzi yokha. "Mantha ukakhala nawo osathawa, amatopa okha." Anatopadi. Lero ndakwera mpaka kuwodzera.

Mantha ndi mantha basi, a minibasi kaya a mbale. Pepala lija ndikadali nalo.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndalemba makwerero a achimwene. Alamu aime m'khitchini ine ndikuphika. Zikatheka, anyamule mbale. Pamwamba penipeni, aphike okha.

Alamu akuti, "Koma adokotala athu a singano ndi ulusi, musatiphere munthu." Taseka. Kwanga kunali kuseka kwa mano okha.

Lachitatu, 12 Malichi

Sitepe yoyamba yatheka. Thukuta kamukamu, maso pa manja a alamu, koma adya. Yachiwiri akaniratu. Ndawauza zoti mantha amatopa. Ati, "Ine sindikuopa, iwe. Ndikudziwa."

Mawu amenewo ndawamva. Ndangowaponya kumbuyo.

Loweruka, 15 Malichi

Ndapupuluma. Dzira awiritsa alamu mobisa, wopereka ine. Adya lonse. Ndiye ine ndi pakamwa pangapa: "Mwaona? Chophika mkazi wanu, ndipo simunafe."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angondiyang'ana nthawi yaitali, n'kulowa m'bafa kukadzisanzitsa. Ine chilili pakhomo ndi makoko a dzira m'manja.

Lolemba, 17 Malichi

Masiku awiri osadya. Madzi okha, a pampopi wa panja, omwera m'manja. Chitseko chokhoma. Ndagogoda mpaka mbale yazizira. Yankho limodzi: "Wakutuma ndani?"

Ndawaona pawindo, milomo yang'ambika. Kuntchito ndathyola singano ziwiri pa diresi limodzi. Munthu amatha masiku angati?

Lachiwiri, 18 Malichi

Kwa Mlangizi, m'mamawa. Ndawaonetsa pepala langa. Avula magalasi.

Ati ine ndinkadziwa kuti si minibasi iliyonse imagwa, thupi lokha ndilo linkafunika kuphunzira. Kwa achimwene poizoniyo ndi weniweni ngati tebulo tinakhalapolo. Matenda ena amenewo. Dokotala wa matenda a maganizo kaye, zokambirana pambuyo, za mtundu wina, ndipo zopanda kunamiza wodwala. "Inu makwerero munawavomera nokha. Iwo munawafunsa?"

Sindinawafunse. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndakhala ndikudziwa kuyambira ndili mwana.

Ati kuchipatala lero lomwe, osati mawa. Ndituluke, foni ya alamu. Achimwene agwa pakhonde.

Lachisanu, 21 Malichi

Ali m'wodi kuyambira Lachiwiri. Diripu ziwiri, mankhwala ayamba. Lero koyamba kutilola kuwaona. Ndapita ndi mpunga m'kontena, wophika mosamala ngati ndikulemba mayeso.

Anesi akuti adya kale. Buledi ndi tiyi, theka la kapu. Ndakhala pabenchi. Adya! Ndalira ngati mwana, anthu akuona.

Kenako ndalowa. Andiona, n'kugwira mkono wa anesi, munthu amene sakumudziwa ndi dzina lomwe. "Sisitala, uyu musamulole pafupi ndi mbale yanga."

Uyu. Ine amene anandibereka kumsana popita kusukulu.

Alamu andipeza panja, kontena ili pamwendo. Ndimayembekezera mawu olasa, ndipo anali ndi ufulu wonse. Angondigwira dzanja. "Zimawawa sabata yoyamba, alamu. Kenako umangothokoza kuti adya."

Miyezi itatu alamu ali pamoto umenewu, ine n'kumalowa m'khitchini mwawo ndi mazira anga, monyadira. Sindinawafunsepo ngakhale kamodzi kuti akupirira bwanji.