Asilikali a Keyala mu Ndowa

Dudley,
England.
19 Marichi, 2006.

Okondedwa achemwali anga a Enifa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti bondo lija linasiya kukuvutani. Kuno tili moyo. Azungu akuti nyengo yafunda chifukwa dzuwa linaoneka Lachiwiri, koma dzuwa lakuno lili ngati nduna ya boma: limabwera kudzajambulitsa chithunzi n'kubwerera.

Ndasankha kulemba chifukwa khadi la foni limatha munthu asanafike pa mutu wa nkhani, komanso makoma a nyumba zakuno ndi a pepala. Ndili ndi pempho. Ndikufuna mupite ku Ntcheu kwa apongozi anga, alamu anu a Willard asanaimbire amalume awo, kuti nkhani ikafike ili chilili. Koma muimve kaye.

Alamu anu a Willard, omwe aja munkawagwadira ali a hedimasitala a sekondale, anali ndi gulu lankhondo m'nyumba muno. Musadzidzimuke. Msilikali aliyense ndi wamfupi kuposa chala changa chaching'ono, wa chitsulo chofewa chotuwa. Ndi masewera a amuna akuno. Lachinayi lililonse amakumana m'chipinda chapamwamba pa bala ina, azibambo a mimba ndi madazi. Amayala nsalu yobiriwira patebulo, n'kudzalapo mitengo ya siponji ndi nyumba za makatoni, kenako mbali ziwiri zimandandalika tiasilikali tawo. Msilikali akafuna kuyenda, mwini wake amatenga tepi ya atelala n'kumuyezera mtunda. Akafuna kuombera amaponya madayisi, aja a masewera a ludo, ndipo madontho ndi amene amanena wafa ndani. Wakufayo amamugoneka m'bokosi la thonje kuti adzafenso sabata ya mawa. Awa ndi anthu amene anatilamulira zaka zonse zija, achemwali. Ndikaganiza ndimawachitira manyazi makolo athu.

Mukudziwa kuti kuno alamu anu si a hedimasitala. Mapepala awo a ku Zomba amagona m'sutikesi, iwo amasambitsa nkhalamba ku care home. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi David, dalaivala wa basi, amene bambo ake amasungidwa komweko. Mkuluyo anamenyako nkhondo ku Burma, ndipo alamu anu, akumupukuta msana, anatchula kuti agogo awo a Sajeni Kadzuwa analinso komweko ndi asilikali a Keyala, gulu lija la anthu akuda omenyera nkhondo Mfumu ya Angerezi. David atamva anawaitanira ku bala kuja. Atafika anapeza kuti nkhondo ya ku Burma amaimenya mwezi ndi mwezi, koma patebulo popanda munthu wakuda ngakhale wonyamula katundu. Mphunzitsi wa History anadzuka mwa iwo, anayamba kuphunzitsa. Tsoka lake, azunguwo anamvetsera. Chifikireni m'dziko muno panalibe amene anawamvetserapo mpaka kumapeto kwa chiganizo. Ine ndimayesetsa, koma ndikachoka ku shifiti ya maola khumi ndi awiri ndimamva ndi khutu limodzi, linalo lili kale m'tulo.

Basitu anaitanitsa tiasilikali totuwa papositi n'kuyamba kutipenta. Nyengo ziwiri zozizira zinatha ali chiweramire patebulo lodyera, galasi lokulitsa zinthu pamaso, m'manja kaburashi ka tsitsi lowerengeka. Penti wa khungu ankasakaniza okha, ati Mlomwe ndi Mngoni sada mofanana. Aliyense anamupatsa dzina ndi mudzi. Mmodzi anamupenta akuyang'ana chithunzi chakale chija cha a Sajeni cha kwa apongozi: mizere itatu pamkono, kachipsera patsaya, chipewa cha khonde chopinda mbali imodzi. Tsiku lina ndikutuluka kubafa ndinamva akunena chapansipansi kuti, “Pepani agogo, ndikugwirani kumutu pang'ono.” Mwamuna amene ndinamukweza ndege ndi thukuta langa akupepesa chitsulo.

Sindinganame kuti sizinali zokongola. Mukanaziona mukanati zipuma. Koma kukongola sikukolopa m'nyumba.

Ndinapirira mpaka mwezi watha, pamene mapemphero a amayi a kumpingo anagwera kunyumba kwathu. Mukumukumbukira Mildred, uja tinali naye ku koleji, wa pakamwa ngati lumo? Pano ndi nesi ku Nuneaton. Atangolowa n'kuona tebulo anaima, Baibulo kukhwapa.

“Mayi a Atuweni, tigwade pati? Kapena tiyambe tapempha chilolezo kwa a Jenerale?”

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mildred sanalekere pomwepo. “Inu ndinu odala, mayi. Athu amatitopetsa ndi mowa ndi mpira, anu amangofuna zidole. Pa Khirisimasi tidzasonkha, tiwagulire kagalimoto ka mawaya.”

Ndinaseka kuposa onse. Mukudziwa kuti akamaseka nsalu yako umafulumira kuseka wekha. Koma alamu anu anamva phokoso ali kuchipinda n'kuganiza kuti anthu achita chidwi. Anatuluka atavala jekete, n'kuyamba kufotokoza mitsinje ya ku Burma ndi mvula yake, amayi akugwedeza mitu, milomo ataluma. Mildred ankangoti, “Zoona, a Jenerale? Ndiye anawoloka bwanji ndi timiyendo timeneti?” Iwo n'kumayankha ndi mtima wonse. Pomaliza analengeza kuti anzawo asankha gulu lawo kuti likaonetsedwe pa chionetsero chachikulu ku Birmingham, dzina lawo lili pa chikwangwani, ndipo akalankhula pamaso pa anthu. Anaitana mpingo wonse. Mildred anati abwera ndi kamera, ndipo auza ndi a ku Coventry omwe.

Taganizani, achemwali. Ine, Roselyn, wa digiri, amene kuwodi madokotala amandifunsa nzeru, kukaima m'holo Amalawi onse a chigawo chino akujambula mwamuna wanga akuyeza udzu wa pulasitiki ndi tepi. Zithunzizo zikanafika ku Blantyre ine ndisanafike kunyumba.

Tsono zimene zinachitika Lachitatu la sabata ya chionetserocho ndi ngozi, ndipo ndikufuna muzikumbukira mawu amenewa. Ine ndinali pa ofu, iwo ali kuntchito. Asilikali anali atandandalikidwa pa thireyi kuti vanishi aume. Ndinapeza Atuweni ataima pafupi, ndipo ndinaona ngati waika kamodzi m'kamwa. Nditamufunsa anati, “I only looked, Mummy,” kunena kuti anangoyang'ana. Koma mwana wa zaka zinayi si mboni. Ine ndine nesi. Ndikudziwa zimene zimakhala pa zinthu zogwiridwa ndi amuna a pa bala osasamba m'manja. Ndinatenga ndowa, kuthiramo Dettol wosasungunula, n'kukhuthuliramo thireyi yonse.

Alamu anu akuti David ananenapo ndili pomwepo kuti anzawo akafuna kuchotsa penti wakale amaviika mu Dettol. N'kutheka ananenadi. Ine zonena za David sindizisunga.

Ndinawasiya m'menemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditavundukula, penti anali atafewa ngati phala. Ndiye poti ntchito ukaiyamba uyenera kuimaliza, ndinatenga mswachi n'kuwakwecha mmodzimmodzi. Mswachi wake wa alamu anu, poti asilikali ndi awo. Khungu lonse linatsala mu Dettol muja. Guluu anasungunuka, mikono ndi mfuti zinamira pansi. Amene anatuluka m'ndowamo anali oyera mbuu, kuposa amayi aja a mafuta a Ambi a m'masiku athu. Keyala yonse inasanduka azungu tsiku limodzi, chinthu chimene ena a ife tachilephera zaka zisanu. Ndinawayanika pa thaulo, bwinobwino, m'mizere.

Alamu anu atalowa anaima pakhomo la kukhitchini, chikwama chili paphewa. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo mayankho ndinali nditakonza. Sanakalipe. Anagwada pa thaulo paja n'kuyamba kutola kamodzikamodzi, kukayandikiza kumaso, kukabweza.

“Mayi a Atuweni, agogo ndi ati?”

“Ine ndingadziwe bwanji? Onse ndi ofanana.”

“Anali ndi chipsera.”

“Ndiye achira.”

Inali nthabwala chabe yofewetsa zinthu, koma sanaseke. Ndinawafotokozera za majeremusi ndi za mwana. Kuti aone kuti sindikunama, ndinaitana Atuweni n'kumuuza apepese bambo ake chifukwa cha zimene wapangitsa. Mwana anayang'ana ine, anayang'ana thaulo, kenako anayamba kulira, “Sorry, Daddy, sorry, Daddy.” Iwo anamunyamula n'kumupukuta misozi ndi dzanja lonunkha Dettol. “Si iwe, mwanawe. Usadzapepesenso.” Ankalankhula ndi mwana, maso ali pa ine. Ngati kumeneko si kuphunzitsa mwana mwano, ndiuzeni inu.

Anayesa kupentanso. Koma zinangochitika kuti kuwodi kunali kuchepa manesi, ndiye ndinavomera mashifiti owonjezera Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo wina amayenera kukhala ndi mwana. Komanso kaburashi kaja sikanaoneke. M'nyumba ya mwana zinthu zimasowa.

Loweruka m'mawa David anafika ndi galimoto, atavala malaya oyera, ali ndi mpukutu wa chikwangwani choti awaonetse. Alamu anu anadzitsekera kuchipinda. Ndinatsegula ine n'kumuuza kuti a Willard adwala chimfine. David anati palibe vuto, atenga asilikali okhawo, akawerenga yekha mawu amene a Willard analemba. Ndinamulozera thaulo. Mzungu uja anafiira mpaka m'makutu. Ananunkhiza m'mwamba, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ngati ndakwera basi yake popanda tikiti. Kenako anaimirira pansi pa masitepe n'kukuwa m'Chingerezi chawo chakuno chomeza mawu, kuti anyamata onse athandiza, apentanso limodzi, chaka chamawa chiliko. Alamu anu sanatsike. Anasiya mpukutu uja pampando n'kutuluka osanditsanzika. Ulemu wa azungu umathera pa “please” ndi “thank you”.

Mildred ndinamuimbira kuti chionetsero chalephereka, a Jenerale apuma pantchito. Anaseka mpaka kutsokomola. Kutchalitchi amayi anandigwira chanza ngati ndabereka mapasa.

Tsopano ndili ndi mwamuna amene mkazi aliyense kuno amapempherera. Lachinayi amakhala pakhomo. Amaphika, amachapa, amasita yunifolomu yanga mpaka kolala kuima. David waimba kangapo, iwo amangoyang'ana foni mpaka itasiya kulira. Zitsulo zija anazikulunga m'thaulo momwemo n'kukaziika m'bini okha, tsiku lotaya zinyalala, ine osawatuma. Chimodzi chokha: anasiya kunditchula mayi a Atuweni. Amanditchula “Sister”, ngati odwala a kuwodi. Ndikati tiyi wazizira, “Chabwino, Sister.” Ndikati bwerani tigone, “Ndikubwera, Sister,” n'kukhala pampando kuyang'ana wailesi ya kanema yosayatsa.

Dzana anandipeza ndikuvala nsapato.

“Sister, ndikupempha pasipoti yanga.”

“Mupite kuti?”

“Kwathu.”

“Kukatani? Kukadya choko?”

“Kumene munthu akalira, anthu amafunsa kuti wamwalira ndani.”

Ndinawauza kuti sindikukumbuka pamene ndinaiika. Ili mu loka yanga kuntchito, pamodzi ndi ya mwana, chifukwa kuno kuli akuba. Ndinawakumbutsanso, mwachikondi, kuti viza yawo ndi yomangirira pa yanga ngati mwana wa kumsana, ndipo akatsika sadzaberekedwanso. Nanga Atuweni adzamuona liti? Anangoti, “Ndamva, Sister.” Koma dzulo ndinaona agula khadi la foni, ndipo ndikudziwa kuti akufuna amalume awo, amene ali nkhoswe yathu.

N'chifukwa chake ndikuti fulumirani. Mukawauze apongozi kuti mwana wawo ali bwino, wanenepa, koma kuzizira kwakuno kumasokoneza amuna mutu, madokotala amakudziwa. Akaimba kunena zobwerera, amulangize kuti mwamuna sathawa banja. Za ndowa musayambe ndinu. Akazitchula okha, munene kuti Atuweni anafuna kumeza chidole, mayi ake n'kumupulumutsa. Ndipo muwafunse amalumewo, pamaso pa anthu, ngati akufuna mbiri yoti mphwawo anasiya mkazi ndi mwana ku Ulaya chifukwa cha zidole. Inu mumatha kuyankhula, achemwali. Musatchule zoti chidole china chinali bambo awo a apongozi; okalamba amatenga zinthu molakwika.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Dinnah ndi Chawe, ndi kwa amayi a kwaya. Nsapato za Dinnah ndidzapatsira munthu wobwera pa Isitala. Atuweni akupereka moni. Wayambanso kukodza pogona, ndipo akangomva fungo la Dettol amathawira kuseri kwa sofa, koma ndi kukula, zidzatha.

Ndisanatseke ndawafunsa alamu anu ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ali pano pakhomo, agwirizira mbale ndi kansalu kopukutira. Akuti, “Muwauze kuti ndili bwino, Sister. Inu ndi amene mumadziwa.”

Ndiye mwamva nokha. Ali bwino.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Roselyn.